Ana a Mphaka Akamalimbana

Ku Muloza, m'boma la Mulanje, kumene mtsinje wa Muloza umalekanitsa dziko lathu ndi la Mozambique, mphaka ndi chiweto chofunika kwambiri. Anthu akumeneko amasunga chimanga, nyemba ndi nandolo m'nyumba ndi m'nkhokwe, ndipo amalonda a pamsika wa Limbuli amaunjika matumba a mbewu m'zipinda zawo. Pamene pali chakudya chotere makoswe sasowapo. Nchifukwa chake mphaka akaswa banja lonse limakondwera, ndipo anansi amayambiratu kupempha kamphaka kamodzi.

Koma pakapita masabata anayi kapena asanu m'nyumba muja mumayamba chipwirikiti. Timphaka tija timathamangitsana, kumbwandirana, kulumana pakhosi ndi kugubuduzana pansi. Anthu ena akaona zimenezi amatenga tsache nkuyamba kukwapula. Ena amafulumira kugawira anansi timphakato tisanaleke kuyamwa, kuti m'nyumba mukhale bata. Njira ziwiri zonsezi nzolakwika. Ana a mphaka ayenera kuloledwa kusewera, ngakhale masewera awo aoneke ankhanza. Ntchito yathu ndi kudziwa kusiyanitsa masewera ndi ndewu yeniyeni, ndi kulowererapo mwanzeru pokhapokha pamene pafunika kutero.

Kumbukirani kuti mphaka ndi mbale wake wa vumbwe, ndipo onse awiri ndi nyama zosaka. Mphaka amakhala ndi bere pafupifupi masabata 9. Ana ake amabadwa osapenya, ndipo maso awo amatsekuka pakapita masiku ngati 10. Akangolimba miyendo amayamba kuphunzira ntchito imene adzaigwire moyo wawo wonse. Kamphaka kakamawenderera mchira wa mbale wake, kakuphunzira kuwenderera khoswe. Kakamambwandira mnzake ndi kumpalasa ndi miyendo yakumbuyo, kakuphunzira kugwira nyama kuti isapulumuke. Amene akwapula kamphaka kotere ali ngati munthu wopirikitsa mwana m'kalasi chifukwa choti akuwerenga mokweza.

Pali phunziro linanso. Kamphaka kakaluma mnzake mopitiriza muyeso, wolumidwayo amalira nkusiya kusewera nako. Nthawi zina make amakamenya ndi phazi. Motero kamazindikira kuti mano ndi zikhadabo zili ndi malire. Kamphaka kochotsedwa kwa make kali ndi masabata asanu okha sikaphunzira zimenezi, ndipo kawirikawiri kamakula kokonda kuluma ndi kukanda anthu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Tsono ndi bwino kudikira mpaka kakwanitse masabata 12 tisanakapereke kwa anzathu.

Nanga tingadziwe bwanji kuti awa ndi masewera, iyi ndi ndewu? Penyetsetsani ndi kumvetsera. Timphaka tosewera sitichita phokoso lambiri. Timasinthana: kamene kanali pansi kamabwera pamwamba, kamene kamathawa kamayamba kuthamangitsa. Timapumira pang'ono nkuyambiranso, ndipo tikatopa timanyambitana ndi kugona pamodzi. Ndewu ili ndi maonekedwe ena. Makutu amagonera kumbuyo, ubweya wapamsana umaimirira, mchira umafufuma. Mumamva kulira kwaukali ndi phokoso lakuti fwaa, ngati la njoka. Nthawi zonse wothawa amakhala yemweyo, ndipo amabisala kuseri kwa matumba osafuna kutulukako. Mukaona magazi kapena ubweya wothothoka, dziwani kuti masewera adatha kale.

Wina anganene kuti, "Zisiyeni, nyama zimathetsa zokha milandu yawo." Mawu amenewa ndi oona pang'ono chabe. Kuthengo wofooka amathawira kutali. Koma ku Muloza, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kumagwa mvula yambiri, ndipo nthawi ya dzinja timphaka timakhala masiku ambiri m'chipinda chimodzi, wofookayo alibe kothawira. Chikhadabo chimodzi chikhoza kumboola diso. Akhozanso kuonda chifukwa cholandidwa chakudya tsiku ndi tsiku, mpaka kudwala ndi kufa. Popeza ndife amene tidawaika m'nyumba, udindo wowateteza ndi wathu.

Ndewu ikabuka, musalowetsepo dzanja. Mphaka wokwiya sazindikira mbuye wake. Ombani m'manja mwamphamvu, kapena ikani lichero pakati pawo kuti asaonane. Kenaka tsekerani mmodzi m'chipinda china kufikira mitima yawo itatsika. Musawamenye. Mphaka womenyedwa sadziwa chimene walakwa; amangophunzira kuopa munthu, ndipo tsiku lina amathawa pakhomo nkusiyira makoswe nkhokwe.

Choposa zonse ndi kuchotsa chimene chimayambitsa ndewu. Kawirikawiri chimakhala chakudya. Musaike usipa m'mbale imodzi kuti onse alimbirane. Aliyense akhale ndi kambale kake, motalikirana. Apatseni malo obisalapo ndi okwerapo, monga dengu lakale kapena katoni. Apatseninso zoseweretsa. Chitsononkho chogubuduzika pansi, kapena nthenga ya nkhuku yomangirira ku chingwe, zimawathetsa mphamvu zimene akadathera pa anzawo. Akafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, amphaka aamuna amayamba kulimbirana malo ndi akazi. Pamenepo makolo anu angafunse mlangizi wa ziweto za kufula, pakuti mphaka wofulidwa samenyana kawirikawiri ndipo sayendayenda.

Inunso ana muli ndi mbali yanu. Musaseweretse kamphaka ndi zala zanu kapena za kumapazi. Lero mano ake ndi aang'ono ndipo mukuseka, koma mukukaphunzitsa kuti thupi la munthu ndi loluma, ndipo kakakula kadzaluma mng'ono wanu wokwawa. Musaputirenso timphaka dala kuti timenyane pofuna kusangalatsa anzanu. Imeneyo ndi nkhanza.

Mukalumidwa kapena kukandidwa, musabise. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uzani makolo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mphaka, monganso galu, akhoza kufalitsa matenda a chiwewe, amene sachizika zizindikiro zake zikayamba kuoneka. Chifukwa cha kuopsa kwa matendawa, maiko a dziko lapansi amakumbukira za chiwewe pa 28 September chaka chilichonse. Kamphaka kakakwana miyezi itatu kayenera kulandira katemera.

Mwana wanzeru akaona timphaka tikulimbana amayamba wakhala pansi nkupenyetsetsa. Ngati ndi masewera amangoonerera. Ngati ndi ndewu amaileretsa mofatsa, nafunafuna chimene chaiyambitsa. Banja lolera amphaka ake motero limakhala ndi alonda ofatsa kwa anthu koma aukali kwa makoswe, ndipo chimanga chake chimafika m'dzinja chili chonse.

Mafunso

1. Kodi nchifukwa chiyani mphaka ndi wofunika kwa anthu a ku Muloza?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene ana a mphaka amaphunzira posewera.
3. Fotokozani zizindikiro zitatu za ndewu yeniyeni.
4. Kodi mungatani mphaka atakukandani?
5. Perekani matanthauzo a mawu awa: chipwirikiti, kuwenderera, kumbwandira, kuleretsa.
6. Kodi mukugwirizana ndi maganizo akuti mphaka sayenera kumenyedwa? Perekani zifukwa zanu.