Chimbale kapena intaneti: werengani mabiti musanakangane

M'nyumba zambiri pa Mtakataka, pa Golomoti ndi ku Mua, makina a DVD ayamba kudzaza fumbi pansi pa tebulo. Achinyamata amati zimbale ndi zachikale, kanema wooneka bwino ali pa YouTube ndi Netflix basi. Ine ndikuti tisafulumire. Chomwe chimakongoletsa chithunzi ndi kuchuluka kwa data yomwe ikufika pa sikirini pa sekondi iliyonse, ndipo kwathu kuno data ndi ndalama. Tikawerengera bwino, chimbale chenicheni cha DVD chimaposa kanema yemwe ambirife timakwanitsa kuonera pa bandulo.

Tiyambe ndi timadontho. Chithunzi chilichonse cha pa TV kapena pa foni chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiseli. DVD, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, imasunga chithunzi cha mapikiseli 720 m'litali ndi 576 m'lifupi pa dongosolo la PAL lomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi. Chulukitsani nokha, mupeza 414,720. Tsono tsegulani YouTube muone kanambala ka pa zosankha. Ngati palembedwa 360p, ndiye kuti mapikiseli ndi 640 kuchulukitsa 360, omwe ndi 230,400, kungopitirira pang'ono theka la a DVD. Netiweki ikafooka n'kutsikira pa 240p, mwatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zoona, 1080p ili ndi mapikiseli 2,073,600, kasanu kuposa DVD. Koma ndi angati mwa inu amene amaonera filimu yonse pa 1080p ndi bandulo ya Airtel kapena TNM?

Mtengo wake ndi uwu. Netflix imanena yokha kuti kanema wa HD amatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi. Tengani filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Ndi yotalika pafupifupi maola awiri, choncho pa HD ingathe kumeza ma GB oposa 5. Mukafuna kuionanso ndi azing'ono anu mawa, mulipiranso. Chimbale mumagula kamodzi.

Mapikiseli paokha sathetsa nkhani. Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, 25 pa sekondi pa dongosolo lathu, ndipo palibe chimbale kapena netiweki yomwe inganyamule zonse zili zathunthu. Choncho kompyuta imafinya kanemayo. Imasunga chithunzi chimodzi chonse, kenako pa zotsatira imangolemba zomwe zasintha. Munthu wowerenga nkhani atakhala phee savuta kufinya, chifukwa chikuyenda ndi pakamwa pokha. Koma taganizani za Gule Wamkulu pabwalo: fumbi likukwera, nthenga ndi nsanza zikuuluka, anthu akusuntha mbali zonse. Kapena mafunde a panyanja tsiku la mwera. Apa pafupifupi pikiseli iliyonse ikusintha. Data ikachepa, kompyuta imataya zina, ndipo inu mumaona timabokosi ndi chithunzi cha mbuu, ngakhale pakona palembedwa HD.

Muyeso wa data imeneyi ndi mabiti pa sekondi. Tiwerengere limodzi. Chimbale cha DVD chimanyamula 4.7 GB. Baiti imodzi ndi mabiti 8, ndiye chimbalecho chili ndi mamegabiti 37,600. Filimu ya maola awiri ndi masekondi 7,200. Gawani, mupeza mamegabiti pafupifupi 5 pa sekondi, ndipo amabwera osadukiza, kaya kukugwa mvula kaya anthu onse pamsika ali pa foni. Filimu yomweyo mukaionera ndi bandulo ya 1 GB, mwapatsa sekondi iliyonse megabiti imodzi ndi pang'ono chabe.

Mbali ya intaneti ili ndi mfundo yake yolimba, tisaibise. DVD imafinya kanema ndi njira yakale ya MPEG-2, pomwe YouTube ndi Netflix amagwiritsa ntchito njira zatsopano monga H.264, VP9 ndi AV1, zomwe zimatulutsa chithunzi chofanana ndi mabiti ochepa kwambiri. N'chifukwa chake 720p ya pa intaneti, netiweki ikakhala yabwino, imaiposa DVD poyera. Komabe ngakhale ku maiko a intaneti yothamanga, okonda mafilimu amagulabe Blu-ray. Chimbale chimenechi, chomwe chinatuluka mu 2006, chimawerengedwa ndi leza ya mafunde a mananomita 405, pomwe ya DVD ndi yofiira ya 650. Monga mudaphunzira mu Physics, mafunde afupiafupi amaona tinthu tating'ono kwambiri, choncho pa chimbale chofanana kukula pamalowa 25 GB, ndipo kanema amatha kufika mamegabiti 40 pa sekondi. Netflix imati pa 1080p mamegabiti 5 ndi okwanira. Kusiyana kwake mwakuona.

Masamu omwewa amatsutsanso zimbale zambiri za pamsika. Zija zolembedwa mafilimu 10 pa chimbale chimodzi zimagawa 4.7 GB yomweyo kwa onse, ndiye filimu iliyonse imatsala ndi theka la megabiti pa sekondi. Nkhope zimachita kusungunuka. Chimodzimodzi kanema wothiridwa mu memori khadi atadutsa kale pa WhatsApp kangapo: akafinyidwanso amataya zina, ndipo zotayikazo sizibwerera. Onjezani fumbi ndi kutentha kwa kuno kunsi kwa mapiri a Dedza mu Okutobala, zimbale zimakandika n'kumadumphadumpha. Chimbale chomwe ndikuchiteteza ndi chenicheni, cha filimu imodzi, chosungidwa m'kachikwama kake.

Maso anunso ali ndi malire. Diso labwino limasiyanitsa timadontho totalikirana gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri. Mukakhala mamita 3 kuchokera pa TV, amenewo ndi pafupifupi mamilimita 0.9. Pa TV ya mainchesi 32, pikiseli ya DVD ndi pafupifupi milimita imodzi, pomwe ya 1080p siifika mamilimita 0.4. Ndiye kuti mutakhala pampando wa kumbuyo, zambiri zomwe mwalipira pa 1080p diso silikuziona. Pa foni, 720p ndi yokwanira kale.

Tsono kunyumba chitani izi. Makina a DVD musawataye, ndipo ngati ali ndi polowetsa HDMI gwiritsani ntchito pamenepo m'malo mwa kachingwe kachikasu kaja, komwe kamasakaniza kuwala ndi mitundu m'waya umodzi. Pa intaneti, sankhani nokha 480p kapena 720p, ndipo filimu yofuna kuonera kawiri idawunilodeni kamodzi pomwe netiweki ili bwino. Makolo akamafuna kugula TV yolembedwa 4K, auzeni mwaulemu kuti TV singalenge mapikiseli omwe sanabwere. Kenako yesani nokha: tengani kanema mmodzi wa gule kapena wa mpira, muonereni pa 240p, 360p ndi 720p, muimitse pamalo pothamanga kwambiri, muone timabokosi tikuyambira pati.