Mulanje wa pansi pa mapazi

Pafupifupi aliyense wokwera phiri la Mulanje masiku ano amatsika ndi chithunzi chofanana ndi cha mnzake. Waima pa Sapitwa, mamita 3,002 m'mwamba, manja atatambasula, mbendera paphewa, mitambo ili kumbuyo. Chithunzicho n'chabwino ndithu, ndipo mwini wake amakhala atachikhetsera thukuta. Chimene chimandiwawa n'chakuti kuchokera pa Likhubula mpaka pansongapo ambiri amayenda masiku awiri, foni ili m'thumba, maso ali panjira, akuponda zinthu zimene anthu ena amawoloka nyanja kudzaziona. Lero ndikufuna ndikukopeni kuti mukadzakwera, mudzagwadeko pansi.

Yambani ndi thanthwe lenilenilo. Akatswiri a miyala amati phirili linaumbika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, pamene chiphalaphala chamoto chinakwera kuchokera m'mimba mwa dziko n'kuzizirira pansi pa nthaka osatulukira kunja. Poti chinazizira mosafulumira, timibulu ta mwalawo tinapeza nthawi yokula mpaka kuoneka ndi maso. Kenaka mvula ya zaka zosawerengeka inakokolola zofewa zonse zozungulira, cholimbacho n'kutsala chili chiimire. N'chifukwa chake mukaika chikhatho pathanthwe la ku Chambe kapena la pafupi ndi nyumba ya alendo ya pa Chisepo mumamva kukhakhala, ndipo mukayandikiza diso mumaona kuti mtundu umene kumsewu timauyesa wotuwa uli ndi timadontho toyera, tofiirira ndi takuda, tina tonyezimira. M'malo ena mwalawo ukusendeka m'mapalepale ngati nkhoko za mumphika wa nsima. M'malo ena madzi anakumba timigula tosalala totsetsereka, n'kusiya mizere yakuda imene imaoneka ngakhale muli m'minda ya tiyi.

Pamwamba pa zonsezi pamamera ndere: zalalanje, zachikasu, zobiriwira motuwa, zina zoyala mozungulira, zina zolendewera panthambi za mitengo. Ndere zomatirira pamwala zimakula mamilimita ochepa chabe pachaka, kotero kuti chigamba chachikulu ngati chikhatho chikhoza kukhala chakale kuposa munthu amene akuchijambula. Ndizo zimayamba ntchito yoswa mwala. Zikaufewetsa, fumbi limakodwa, udzu umapeza pogwira, ndipo patapita nthawi duwa limamera pamalo pamene panalibe dothi n'komwe. Chithunzi chimodzi chojambulidwa pafupi chikhoza kuonetsa ndondomeko yonseyi: mwala wamaliseche kumbali ino, ndere pakati, kachitsamba kumbali inayo.

Kuti kukhakhala kwa mwala kuoneke, dzuwa liyenera kuugunda chammbali. M'mamawa likangotuluka, kapena madzulo likamapendeka, kamng'alu kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake. Masana likakhala paliwombo, thanthwe limangoti mbuu, ndipo chithunzi chimatuluka chopanda moyo. Chiperoni, nkhungu ija imene imachokera mbali ya ku Mozambique n'kuphimba phiri masiku angapo, ambiri amaiyesa mdani wa wojambula. Kwa wofuna nsonga ndi mdanidi, komanso ndi yoopsa, pakuti mwala wonyowa umaterera ndipo njira imasowa. Musachoke pafupi ndi wokutsogolerani. Koma kwa wojambula zapafupi, mwala wonyowa ndi umene umatulutsa mitundu yake yonse, ndipo maluwa amaoneka bwino kuwala kukakhala kofatsa. Ingokumbukirani kupukuta diso la kamera kawirikawiri, ndipo foni muziisunga m'thumba la mkati, chifukwa chisanu chimatha batire msanga ndipo m'nyumba za paphiri simungadalire magetsi.

Pa maluwa onse, mtima wanga uli pa cheyo. Chimamera pathanthwe penipeni, tsinde lake lakuda, lokhuthala, lopangika ndi zotsalira za masamba akale. M'chilimwe mukhoza kulumbira kuti chinafa. Mvula yoyamba ikagwa, masamba omwe aja amabwerera kubiriwira, ndipo pamwamba pa tsinde looneka ngati lopserera pamatuluka duwa loyera, lalikulu, lofewa moti mphepo yochepa imaligwedeza. Kulijambula kumafuna kuleza mtima. Mumagona chafufumimba, zigongono pamwala, thupi lanu likutchinga mphepo, n'kudikira kamphindi kamene duwalo laima. Mukhudze pagalasi la foni pamene pali duwa kuti kamera idziwe chimene mukufuna, ndipo muyandikire ndi thupi m'malo mokoka chithunzi ndi zala, pakuti kukokako kumachiwononga. Kumbuyo kwa duwa musiyeko mwala uoneke. Duwa loyera pathanthwe lakuda limanena lokha kumene limakhala.

Cheyo chomwechi anthu amadula kuti apange matsache ndi zokwechera. Sindingadzudzule mayi amene akufuna ndalama ya sopo ndi mchere, koma chomera chokula pang'onopang'ono chotere sichingapirire chikwanje chaka ndi chaka.

Alipo maluwa enanso. M'miyezi yozizira madambo a ku Lichenya ndi ku Thuchila amadzala timaluwa touma ngakhale tili pamtengo, toyera ndi tachikasu, ta mtundu wa Helichrysum. M'dzinja, m'malo a chinyontho, mumatuluka maluwa a mtundu wa chikanda, apachibale a aja amene mizu yake imakumbidwa kumpoto ndi ku Zambia. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya banja limeneli. Mitundu ingapo ya zomera za pa Mulanje sipezeka kwina kulikonse padziko. Musathyole. Duwa la paphiri silifika n'komwe pa Likhubula lisanafote, ndipo mukalithyola mwachotsa mbewu za chaka chamawa.

Chifukwa chimene ndikulimbikira nkhaniyi n'choposa kukongola. Phirili likusintha ife tikuona. Mkungudza wa Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo akhala akubzala mbande, koma mtengo wotere umatenga zaka zambiri kuti ukule. Moto wa osaka mbewa ndi nyama umalusa chilimwe chilichonse. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali za phiri, madzi, matope ndi miyala n'kutsikira m'midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, monga Napolo anachitira ku Phalombe mu 1991. Zipsera zake zikuonekabe, mizere yoyera ndi yofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kodi ndere zidzabwerera liti pamiyala yosendekayo? Ndi chomera chiti chidzayambe? Munthu amene angajambule malo amodzi omwewo chaka chilichonse, ataima pamwala umodzi womwewo, adzakhala ndi yankho limene ana a sukulu za m'tsinde mwa phiri angalione ndi maso awo.

Palinso nkhani ya mayina. Mu 1891 Alexander Whyte anakwera phirili n'kutola zomera zimene zinatumizidwa ku London, ndipo lero dzina la sayansi la mkungudza wathu ndi Widdringtonia whytei. Amene anamunyamulira katundu ndi kumulozera njira sali m'dzinalo. Zidzukulu za anthu ngati amenewo ndi zomwe zimatsogolera alendo lero, ndipo ambiri ali ndi foni zojambula. Iwowa amadziwa duwa limene limatsogola mvula ikagwa, tsamba limene agogo ankachizira m'mimba, mtsinje umene unkauma mochedwa kale. Mukaona chomera, funsani mwaulemu kuti, "Achimwene, ichi kuno mumachitcha chiyani?" Dzinalo, kaya ndi la Chimang'anja, Chilomwe kapena Chiyao, lilembeni pamodzi ndi tsiku ndi malo. Ikani ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo jambulani tsamba ndi tsinde, osati duwa lokha, popeza akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba amazindikira chomera poona zonsezo.

Mu Julaye 2025 UNESCO inaika phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, amene amalitenga kukhala mudzi wa mizimu ya makolo. Choncho wokutsogolerani akanena kuti pano sitijambula, kapena pano sitikweza mawu, mverani n'kubweza foni m'thumba.

Ndikanakonda kuti mabungwe oyang'anira phirili, pamodzi ndi otsogolera alendo, akhazikitse malo amodzi osonkhanitsira zithunzi zoterezi, chilichonse ndi dzina la wojambula, tsiku lake ndi malo ake, ndipo zina azisindikize n'kuzipachika m'makalasi a ku Likhubula, ku Muloza ndi ku Migowi. Ana ambiri a kumeneko amakula akuliona phirili tsiku ndi tsiku koma sanakwerepo kufika pamene cheyo chimachita maluwa. Amene mukufuna kuyamba, konzekerani nyengo ya mvula yoyamba, chakumapeto kwa chaka, mitsinje isanadzaze, ndipo muuziretu wokutsogolerani kuti ulendo uno muziima pafupipafupi.