MAU A KALALIKI: Nyumba ya Malata ndi Ndarama za Ukalamba

Abale anga a pa migodi ya Rustenburg,

Sabata ino ndiyankha funso limene anyamata a msinkhu wanga amabwera nalo ku ofesi kawirikawiri: kodi munthu atape ndarama za provident fund kuti agule puloti ndi kumanga nyumba ya lendi kwao ku Mzimba kapena ku Lilongwe?

Ciyambire 1 September 2024, lamulo la South Africa ligawa ndarama zimene timasonkha m'miphika iwiri. Pa R3 iri yonse, R1 ilowa mu mphika waung'ono, R2 mu mphika waukuru. Waukuruwo ndi wa ukalamba. Waung'onowo munthu angathe kutapamo kamodzi pa caka ca msonkho, kuyambira R2,000. Koma mverani bwino: zotapazo boma liziwerenga ngati malipiro. Ngati msonkho wanu uli 26 pa 100, mukatapa R10,000, R2,600 zipita kwa SARS, ndipo a fund adulakonso zao. Matumba a simenti angati atayika pamenepo?

Nyumba sindiinyoza ai. Mchona wobwerera kumudzi ndi sutukesi yokha asekedwa ndi ana omwe. Koma lendi ya kwathu ilipidwa mu Kwacha, ndipo mu November 2023 mphamvu ya Kwacha inagwa ndi 44 pa 100, pamene ndarama za fund ziri m'marandi. Nyumba yothera pa mazenera sibala kanthu, ndipo womanga ali kutali amadyeredwa. Kumbukiraninso caka ca 2014, pamene sitiraka ya pa migodi ya pulatinamu inatha miyezi 5, anthu osalandira. Pa tsiku lotere njerwa simungaziphike. Mphika waung'ono uja ndiwo udzakupulumutsani, ngati simunaukombeze kale.

Cotero uphungu wanga ndi uwu: nyumba imangidwe ndi malipiro, ukalamba usungidwe ndi fund. Patulani kangacepe mwezi ndi mwezi, makamaka za bonasi ndi ovataimu. Caka cino puloti, caka ca mawa njerwa, kenaka malata. Musalipire malo popanda kalata ya mfumu kapena ya khonsolo, mboni ziripo. Amene akuyang'anirani nchito kumudzi azikutumizirani malisiti ndi zithunzi.

Cotsiriza, lembetsani dzina la mkazi wanu ndi ana ku fund, ndipo nambala yanu aidziwe a kunyumba. Agogo athu ambiri a nthawi ya Wenela anabvutika kulondola ndarama zao cifukwa ca kusowa mapepala.

Kuona maso a nkhono nkudekha, abale. Amene afuna ndimuwerengere msonkho wace asanatape, afike ku ofesi akaweruka.

Tsalani bwino.

Ndine wanu,
KALALIKI