Ana Athu Akufunika Bwalo la Denga

Omvera athu kuno ku Ulongwe, mvula ikayamba kumapiri kuno, masewera amaima. Mabwalo amasanduka matope okhaokha. Ana athu akufunika bwalo la denga.

Mukadutsa pachipata cha Calomue n'kulowa ku Dedza, Lilongwe si patali. Kumeneko kuli bwalo lofolera la Griffin Saenda, lotchedwa dzina la malemu mphunzitsi wa timu ya ntchemberembaye ya Malawi Queens. Mu Disembala 2022, dzinja lili mkati, achinyamata a mayiko a kum'mwera kwa Africa anapikisana m'menemo. 

Ife sitikupempha chinyumba chachikulu chotero ayi. Simenti pansi, malata pamwamba, basi. Ana athu akufunika bwalo la denga.

Inu makolo, mafumu ndi amalonda a kachewere amene mukumvera, nkhaniyi kaitulutseni pamisonkhano yanu.