Laisensi ya singano isasanduke chilolezo chogawira zitsamba

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi omwe analandira pa kiliniki ina ya ku Brussels. M'mankhwalawo munayenera kukhala muzu wa Stephania tetrandra, koma munalowa wa Aristolochia fangchi, womwe uli ndi poizoni. Ambiri anafika podalira makina osefa magazi kapena impso yopatsidwa, ndipo ena anadwala khansa ya njira ya mkodzo. Olemba mankhwalawo anali madokotala a ziphaso zawo ndithu, koma chiphaso sichinawathandize kuzindikira muzu.

N'chifukwa chake n'kulakwa kuti lamulo lilole munthu kugawa zitsamba kungoti ali ndi laisensi ya acupuncture, chithandizo cha ku China chobaya tisingano m'thupi. Ku America nkhaniyi boma la chigawo chilichonse limaiyendetsa palokha. Maboma ena amalowetsa zitsamba mu laisensi ya singano popanda mayeso apadera, pomwe Pennsylvania imafuna laisensi ina kwa wofuna kupereka zitsamba za ku China. Pennsylvania ndiyo ikulondola. Wobaya singano amaphunzira pobaya, kuya kwake ndi ukhondo. Wopereka zitsamba ayenera kudziwa mlingo, mizu yoopsa kwa mayi woyembekezera ndiponso zitsamba zosagwirizana ndi mankhwala akuchipatala monga warfarin. Singano amaizula ikatha ntchito, koma chomwe wodwala wamwa chimakafika ku chiwindi ndi impso.

Otsutsa amati kwawo ku China singano ndi zitsamba ndi nzeru imodzi, ndiye kuzilekanitsa n'kuphwanya mwambo. Komatu palibe akuletsa munthu kuchita zonse ziwiri. Angokhoza mayeso a zonse ziwiri basi. Ena amati mayeso owonjezera adzakweza mtengo wa chithandizo. Mwina n'zoona, koma mtengowo sungafike pa wa makina osefa magazi. Enanso amati zitsamba zimagulitsidwa kale m'masitolo popanda kalata ya dokotala. Pamenepa ndiye pagona vuto: wogula m'sitolo amadziwa kuti akuyesa yekha, pomwe wodwala woona laisensi pakhoma amakhulupirira kuti boma linamuyesa kale amene akumupatsa mankhwalayo.

Australia inaonetsa kuti n'zotheka. Kuyambira mu 2012, Chinese Medicine Board of Australia imalembetsa padera obaya singano, olemba zitsamba ndi ozisakaniza. Opanga malamulo kwina konse atengerepo phunziro: laisensi inene zimene mwini wake anayesedwa, osapitirira apo.