Bokosi la nyimbo m'buti limangidwe ndi mabawuti, osati mphira

Tsiku la msika ku Ulongué galimoto imamveka isanaoneke. Kumayamba kufika kugunda kwa nyimbo, du! du! du! malata a m'magolosale akunjenjemera, kenaka ndi pamene imatulukira Probox kapena chapa yochokera ku Calómuè. Chimene chimagundacho ndi bokosi la sipika yaikulu, imene anyamata ena amati subwoofer, ena amati koluna, ndipo amaliika kumbuyo, m'buti. Za phokoso lake akuluakulu anadandaula kale mokwanira. Nkhani imene sikambidwa ndi yakuti ambiri mwa mabokosi amenewa amangokhazikidwa osamangidwa, pamene kutsogolo kwake kwakhala anthu.

Bokosi lotere si lopepuka. Limakhomedwa ndi matabwa okhuthala kuti lisamanjenjemere, sipikayo ili ndi maginito olemera, ndipo ena amakhomeraponso amplifaya pamwamba. Zonse pamodzi zikhoza kufika makilo 25, theka la thumba la chimanga. Galimoto ili chiimire, makilo 25 si kanthu, mwana wa sukulu akhoza kukankha. Koma galimoto ikagunda chinthu imaima mwadzidzidzi, pamene bokosi losamanga siliima. Limapitirira ndi liwiro lomwe lija mpaka litapeza choliimitsa.

Kugunda chinthu cholimba pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mtengo wotalika mamita 10. Pa ngozi yotere katundu akhoza kukankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 20. Bokosi lija la theka la thumba limasanduka makilo 500, matumba khumi, onse kukankha msana wa mpando wa kumbuyo nthawi imodzi. Pa mpando umenewo ndi pamene pamakhala mayi ali ndi mwana pamiyendo. Ndipo makilomita 50 si liwiro loti motorista n'kuchita nalo mantha. Pa msewu wa Mussacama kupita ku Ulongué, kapena wa Moatize kupita ku Zóbuè, ambiri amapitirira pamenepo.

Galimoto imene buti yake ili payokha, yotsekedwa ndi chitsulo, ili ndi chotchinga pang'ono. Koma zambiri zimene zimanyamula anthu kumalire kuno ndi zotsegula kuchokera kumbuyo mpaka kwa dalaivala. M'galimoto zotere bokosi likhoza kudumpha mpando n'kufika pamutu pa munthu. Zambirinso ndi zogula zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo zokowetsa za mipando yake zinatopa ndi zaka komanso mabampu.

Eni galimoto ali ndi mayankho awo. Wina amati bokosi lake ndi lolemera, silisuntha. Kulemerako ndiye vuto lenilenilo. Wina amati iye amayendetsa mosamala. Koma ng'ombe yodumpha msewu ku Angónia sifunsa kuti akuyendetsa ndani, ndipo wa njinga wotulukira pakona ndi matumba a makala sapereka chenjezo. Yankho lomveka ndi lachitatu: bokosi liyenera kumachotsedwa tsiku limene galimoto yapeza hayala ya mbatata ya kachewere ku Tsangano, pakuti malo a m'buti ndi ndalama. Zimenezo n'zoona. Koma chinthu chomangidwa bwino chimamasulidwanso bwino, ndipo kumasula mabawuti anayi sikutha mphindi khumi.

Ena amayesa ndithu kumanga, koma amamanga ndi mphira ya chubu. Mphira ndi yabwino pa kaliyala wa njinga chifukwa imatamuka n'kugwira katundu. Pa bokosi la m'galimoto kutamukako ndiye kulakwa kwake: imalola bokosi kuyamba ulendo, kenaka imaduka. Enanso amakhomera tizomangira ting'onoting'ono pa kapeti kapena pa kathabwa kophimba tayala la sipeya. Poyang'ana zimaoneka zaudongo, koma ndi chikomekome cha mkuyu, pakuti kathabwako kamanyamuka pamodzi ndi bokosi.

Kamangidwe koyenera si kovuta, ndipo mekaniko aliyense wa pa boma akhoza kukachita. Bokosi likhale pansi, litagunda msana wa mpando, pasakhale mpata woti lithamangiremo. Pakona zake paikidwe zitsulo zokhota ngati L, ndipo zitsulozo zimangidwe ku chitsulo cha galimoto ndi mabawuti obowoleza, okhala ndi mawashala aakulu ndi manati kuseri. Ku mbali ya bokosi nakonso bawuti lidutse thabwa lonse, washala akhale m'kati, chifukwa matabwa opanikiza a utuchi amene ambiri amagwiritsa ntchito sagwira bwino zomangira zongopotera. Amene akufuna kumalichotsa kawirikawiri agule malamba awiri okoka ndi chitsulo, ang'ono ake a aja omangira katundu pa malole, awakowetse mu mphete zachitsulo za m'buti. Ngati mphete mulibe, ziikidwe ndi mabawuti.

Pobowola pafunika maso. Pansi pa buti kapena pa mpando wa kumbuyo pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Munthu ayambe wagona pansi n'kuona kuseri asanaike chobowolera. Asaiwalenso tayala la sipeya: bokosi likamangidwa pamwamba pake popanda njira yolichotsera, tsiku lophulika tayala usiku pakati pa tchire mwini wake adzalira.

Palinso moto. Amplifaya imadya magetsi ambiri, choncho amakoka waya wonenepa kuchokera ku batire kutsogolo mpaka kumbuyo. Bokosi likamasunthasuntha limakoka wayayo, ndipo wayayo amakhuzika pa chitsulo mpaka khungu lake kusupuka. Waya wopanda khungu akakhudza thupi la galimoto amayaka ngati ndodo yowotcherera. Choteteza ndi fyuzi, ndipo fyuziyo ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45, osati kumbuyo pafupi ndi amplifaya kumene siteteza waya. Pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo paikidwe kamphira kozungulira. Fyuzi ikapsa isalumikizidwe ndi kawaya kapena pepala la ndudu monga ena amachitira. Tisanene za chigubu cha petulo chimene nthawi zambiri chimakhala m'buti momwemo, chitatsamira bokosi.

Udindo woyamba ndi wa mwini galimoto, koma mnyamata woika zoimbira nayenso asazembe. Amene walandira ndalama ya ntchito n'kupereka bokosi losamanga wagwira theka la ntchito. Ngati mwini galimoto akukana kugula mabawuti, amuuze poyera chimene akukanacho. Apolisi a pamsewu amene amafunsa mapepala ndi lamba wa motorista akhoza kutsegulitsanso buti, popeza katundu wosamanga ndi nkhani yawo ngakhale katunduyo akuimba nyimbo.

Okwera nawonso ali ndi manja. Munthu poika thumba lake kumbuyo akhoza kukankha bokosilo ndi manja awiri. Likakhala lomangidwa bwino imagwedezeka ndi galimoto yonse. Likasuntha lokha, amuuze kobradori alitsitse kapena alimange ulendo usanayambe, ndipo akakana, mayi wa mwana adikire chapa ina.