Ntchito za Manja Athu: Pulani ya Nyumba Ili ndi Mtengo Wake

Mwezi uno tikambirane za ntchito imene ikukopa ana athu amene adaphunzira zomangamanga, ndiyo kujambulira anthu mapulani a nyumba madzulo akaŵeruka ndiponso pa Loŵeruka. Ena adaphunzira ku sukulu za ntchito zamanja monga Soche ndi Namitete, ena ku Polytechnic ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS. Mpamba wake ndi wochepa: tebulo, tepi yopimira, rula, pensulo, ndi kompyuta kwa amene ali nayo. Pamene pamavuta ndi potchula mtengo. Mnyamata kapena mtsikana waluso ndithu, akafunsidwa kuti, "Nanga tikupatseni zingati?" amaŵerama pansi nayankha kuti, "Muona nokha, bambo." Mau ameneŵa ndiwo chiyambi cha kudandaula, ndipo nthaŵi zina ndiwo mathero a ubwenzi.

Tiyambe tadzifunsa: kodi wojambula amagulitsa chiyani? Mwini nyumba amangoona mapepala atatu kapena anai, nkumaganiza kuti ndi ntchito ya usiku umodzi. Iye saona ulendo wa ku poloti, kupima malire, kuyang'ana kumene madzi a mvula amaloŵera ndi kumene dzuŵa la masana limaomba. Saŵerengera nthaŵi yokhala pansi ndi banja lonse, bambo akufuna balaza lalikulu, mai akufuna khitchini loyandikana ndi khonde la kuseri. Pambuyo pake zonsezo ziyenera kuloŵa papepala mwa muyeso, kaŵirikaŵiri wa 1:100, ndiye kuti sentimita imodzi papepala ikuimira mita imodzi pansi. Pafunika chithunzi cha zipinda, cha maonekedwe a mbali zonse zinai, china choonetsa maziko ndi denga ngati kuti nyumba yadulidwa pakati, ndi china choonetsa pamene nyumbayo idzakhale m'poloti. Chimene chikugulitsidwa ndi nthaŵi, nzeru ndi udindo.

Njira zotchulira mtengo zilipo zitatu. Ena amatenga gawo la ndalama zonse zomangira nyumbayo, ena amaŵerengera kukula kwake m'masikweya mita, ndipo ena amaŵerenga maola amene agwira. Kwa woyamba kumene ife tikuti ayambire pa maola, pakuti ndicho chinthu chimene angathe kuchiŵerenga yekha popanda kunamizidwa.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zogona zitatu, mamita 12 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndiwo masikweya mita 120. Tinene kuti kupita ku poloti kwatenga maola 4, kukambirana ndi kujambula koyamba maola 6, kujambula kwenikweni maola 20, kukonza zimene banja lasintha maola 6, ndipo kuyendera ku khonsolo maola 4. Onse pamodzi ndi maola 40. Munthu wogwira maola aŵiri madzulo alionse adzatsiriza patapita masiku 20. Tsono ola limodzi ndi ndalama zingati? Atenge malipiro ake a pamwezi ku ntchito, agaŵe ndi maola 176, ndiwo masiku 22 a maola 8. Ola la madzulo lisatsike kuposa pamenepo, ndipo liyenera kukwerako, chifukwa magetsi, zipangizo ndi mpumulo umene wadzimana zonse ndi zake. Pamwamba pake aonjeze za ulendo, za lamya ndi zosindikizira mapepala. Akajambula nyumba zinai kapena zisanu nalemba maola ake mokhulupirika m'kabuku, adzadziŵa mtengo wake wa sikweya mita imodzi, ndipo adzayankha wofunsa mosachita chibwibwi.

Mtengo ukadziŵika, ulembedwe pensulo isanakhudze pepala. Tsamba limodzi ndi lokwanira, onse aŵiri asayine, aliyense asunge lake. Linene zithunzi zimene zidzaperekedwe ndi tsiku lake. Linene kuti mwini nyumba angasinthe maganizo kaŵiri, koma kachitatu nkolipira, pakuti kusuntha khoma limodzi kumasuntha denga, mazenera ndi mipope yomwe. Linene kuti ndalama za ku khonsolo ndi za mwini nyumba, ndi kuti kukayendera amisiri pomanga kuli ndi mtengo wakewake. Linenenso kuti pulani imeneyi ndi ya nyumba imodzi pa poloti limodzi, si yobwereketsa kwa anansi. Malipiro agaŵidwe patatu: gawo loyamba poyamba ntchito, lachiŵiri banja likavomera chithunzi choyamba, lotsiriza polandira mapepala. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo mtengo wotchulidwa ukhale ndi malire, monga masiku 30. Tonse tikukumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adapangana mtengo kumayambiriro kwa chaka nalandira kumapeto, adalandira ndalama yopepuka.

Tsopano tilankhule ndi inu makolo, amalume ndi azakhali. Ntchito zoyamba za mwana zimachokera kwa abale ndi kwa anthu opemphera nawo, ndipo apa mpamene manyazi amamanga lilime. Timagula simenti thumba la makilogalamu 50 osapempha sitolo kuti itikhululukire, timalipira womanga ndi wokhoma malata, koma pa mwana wa mlongo wathu timati, "Si uyu tidamlera tokha?" Zoona, chibale ndi fupa sichiola, koma mwana wogwira masiku 20 nalandira "zikomo" yekha, maŵa adzayamba kutizemba. Ngati iye mwini afuna kuthandiza mbale, alembe mtengo wonse, kenaka alembe pansi pake zimene wachotsapo. Motero mphatso idzaoneka kuti ndi mphatso, ndipo mbaleyo sadzalengeza kwa ena mtengo wolakwika.

Achinyamatanu, dziŵaninso malire anu. Dzina lakuti architect lili ndi eni ake, ndiwo amene adalembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors. Wosalembetsedwa asadzitche dzina limeneli pofuna kukweza mtengo. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba munthu ayenera kulandira chilolezo asanamange, monga likunenera lamulo la Physical Planning Act la 2016. Choncho musanalandire ndalama ya munthu, pitani ku khonsolo mukafunse zimene amafuna ndiponso siginecha ya yani imene amavomera. Nyumba yosanja, denga lotambalala kwambiri, malo otsetsereka ndi dothi la kudambo zimafuna injiniya, ndipo malipiro ake aloŵe m'mtengo kuyambira pachiyambi. Sitinaiŵale nyumba zimene zidagwa ndi zivomezi ku Karonga mu Disembala 2009, ngakhale matope ndi miyala zimene zidatsika m'phiri la Soche nkukokolola nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mwini poloti akaumirira kumanga m'njira ya madzi, kapena kuchepetsa maziko kuti asunge simenti, kanani mwaulemu ndipo mulole ndalamayo ipite. Pansi pa denga limene mwajambula padzagona ana.

Potsiriza, ntchito ya madzulo isadye ntchito ya masana. Nthaŵi, mapepala ndi makina a kumene mudalembedwa ndi za eni ake, ndipo anthu obwera ku ofesi yao si anu oti muŵakokere kunyumba. Ŵerengani pangano lanu la ntchito, ndipo ngati lifuna kuti abwana adziŵe, auzeni poyera. Perekani lisiti pa ndalama iliyonse, sungani kabuku ka zoloŵa ndi zotuluka, ndipo kafunseni ku MRA za msonkho ntchito isanakule.

Wotchula mtengo woŵerengedwa bwino sachita manyazi, ndipo womlipira sadandaula, pakuti onse aŵiri adaona chiŵerengero chimodzi asanayambe. Inu amene mwana wanu wayamba ntchito imeneyi, khalani naye pansi sabata ino, muŵerenge naye maola a nyumba imene akujambula, ndipo mukhale oyamba kumlipira mokwanira.